George Vertue, mmisiri wa ku London amene anasunga mbiri ya anzake m'makope: Mafunso ndi mayankho

Mukamawerenga mabuku onena za ojambula zithunzi ndi osema ziboliboli a ku England a zaka 300 zapitazo, pali dzina limene limangobwerabwera m'timawu ta m'munsi mwa tsamba: Vertue. Wolemba akafuna kukutsimikizirani kuti wojambula uje anamwalira chaka chakuti, kapena kuti chithunzi chakuti anachigula pa mtengo wakuti, amathamangira kwa Vertue. Koma mwini dzinayo ndi ochepa amene amamudziwa. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa za iye.

Kodi George Vertue anali ndani?

Anali mmisiri wozokota zithunzi pa mkuwa, komanso munthu wokonda kufufuza zinthu zamakedzana. Anabadwa mu 1684 m'dera la tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields mumzinda wa London, ndipo anamwalira mumzinda womwewo pa 24 Julayi 1756. Ntchito imene inkamudyetsa inali yozokotayo, ndipo zithunzi za nkhope za anthu zokha anazokota zoposa 500. Koma chimene chamusungira dzina mpaka lero ndi ntchito ina imene palibe anamulipira: makope pafupifupi 40 amene analembamo chilichonse chimene anamva, kuona kapena kuwerenga chokhudza amisiri a zojambula m'dziko lake, kuyambira cha mu 1713 kufikira imfa yake.

Kuzokota chithunzi pa mkuwa ndi ntchito yotani kwenikweni?

Kumbukirani kuti nthawi imeneyo kamera kunalibe. Chithunzi chopenta chinali chimodzi chokha, chopachikidwa m'nyumba ya mfumu kapena ya munthu wachuma, kumene munthu wamba sakanapondako. Kuti nkhope ya mfumu, ya bishopu kapena ya mlakatuli ifike m'buku ndi pakhoma la nyumba za anthu, pankafunika wozokota.

Iye ankatenga chitsulo chamkuwa chophwatalala, chopukutidwa mpaka kuwala ngati galasi. Ndi kachitsulo kosongoka kokhala ndi chigwiriro chamtengo, ankalima timizere pa mkuwapo, kamzere ndi kamzere. Pofuna mdima, monga pa tsitsi kapena pa mkanjo, ankathithikiza mizere ndi kuipingasitsa. Pofuna kuwala, monga pa chipumi, ankaitalikitsa kapena kusiya posalala. Amisiri ambiri ankathandizirako ndi asidi amene ankadya mkuwa m'malo amene akanda. Akamaliza ankapaka inki ponseponse, kenaka n'kupukuta kuti inkiyo itsalire m'timizere mokha. Pamwamba pake ankaika pepala lonyowa pang'ono n'kudutsitsa zonsezo m'makina opsinja. Pepala lija linkatuluka litayamwa inki ya m'mizere, chithunzi chili mbee.

Vuto lake nali: chimene chili kumanja pa mkuwa chimatulukira kumanzere papepala. Choncho mmisiri ankayenera kuzokota zonse chobwerera, ndi zilembo zomwe. Dzanja likaterereka, kukonza kwake kunali kupala ndi kusula malowo mpaka asalalenso. Chithunzi chimodzi chachikulu chinkatha kudya miyezi.

Anaiphunzira kuti ntchitoyi?

Ali ndi zaka pafupifupi 13 anamupereka kwa mmisiri wina wochokera ku France amene ankazokota zizindikiro za mabanja olemekezeka. Bizinesi ya bwanayo inagwa, iye n'kubwerera kwawo, mnyamata n'kutsala padzuwa. Kenaka analowa m'manja mwa Michael Vandergucht, wozokota wochokera ku Antwerp, ndipo anakhala naye zaka 7. Cha mu 1709 anayamba kudziimira payekha.

Mwayi wake unabwera kudzera mwa Godfrey Kneller, yemwe pa nthawiyo anali wojambula nkhope wotchuka kuposa onse mu England. Lord Somers, mmodzi wa akuluakulu a ndale, anapatsa Vertue ntchito yozokota chithunzi cha John Tillotson, amene anali arkibishopu wa ku Canterbury, potsatira chimene Kneller anapenta. Chithunzicho chinatuluka bwino, ndipo makasitomala anayamba kugogoda. Pamene sukulu ya zojambula inatsegulidwa mumsewu wa Great Queen Street mu 1711, Kneller ali mkulu wake, Vertue anali m'gulu la oyamba kulowamo.

Akuti anali Mkatolika. Zimenezo zinali ndi kanthu?

Zinali nako. Mu England wa nthawi imeneyo malamulo ankaletsa Mkatolika kukhala pa udindo wa boma kapena kulowa m'nyumba ya malamulo, ndipo zitseko za mayunivesite zinali zotsekeka kwa iye. Vertue anabadwira m'banja lachikatolika ndipo sanasiye mpingo wake. Ntchito ya manja inali imodzi mwa njira zimene zinali zotseguka. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu anatchuka ndi nkhope ya arkibishopu wa Anglican, kwa zaka zambiri anazokotera yunivesite ya Oxford zithunzi za pa kalendala yake ya chaka ndi chaka, ndipo atamwalira anamuika m'khonde la Westminster Abbey, tchalitchi chotchuka cha Anglican mu London. Zikuoneka kuti anali munthu wosavuta kukhala naye, wodziwa kugwira pakamwa pamene pafunika.

Chinamulowa n'chiyani kuti ayambe kulemba mbiri ya amisiri anzake?

Italy inali ndi buku la Giorgio Vasari la miyoyo ya amisiri kuyambira mu 1550. Netherlands inali ndi la Karel van Mander la mu 1604. England inalibe buku lofanana ndi amenewa. Ndiponso amisiri akuluakulu amene anagwira ntchito kumeneko ambiri anali obwera: Hans Holbein ndi Kneller anachokera ku Germany, Anthony van Dyck ku Antwerp, Peter Lely ku Netherlands, Wenceslaus Hollar ku Prague. Mlendo akamwalira, abale oti asunge nkhani zake amakhala kutali, ndipo mapepala ake amamwazika. Za amisiri eni dziko ndiye zinkaiwalika msanga kuposa apo, poti anthu achuma sankawawerengera.

Vertue anaona kuti nkhalamba zimene zinadziwa Lely maso ndi maso, kapena zimene zinamva za Van Dyck kwa makolo awo, zikutha imodziimodzi. Akapanda wina kuzifunsa, zonse zipita kumanda. Ndiye anayamba kufunsa. Paja amati safunsa anadya phula. Uyu anali wofunsa mpaka kutopetsa. Cholinga chake chinali choti tsiku lina alembe buku lathunthu la mbiri ya zojambula mu England. Tsiku limenelo silinafike.

M'makopemo muli zotani?

Muli chisakanizo. Tsamba limodzi mupezapo tsiku la imfa ya wopenta wina, pansi pake mtengo umene chithunzi chakuti chinagulidwira pa okushoni, pambali kachithunzi ka manda a m'tchalitchi china chakumudzi, kenaka nkhani imene wamva kwa mkulu wina, yotsatiridwa ndi dzina la amene wamuuza. Kalembedwe kake n'kosasamala: mawu ofupikitsidwa, masipelo osinthasintha, ziganizo zosatha. Ankalembera yekha, osati owerenga.

Phindu lalikulu lili pa zinthu zimene anakopera kuchokera m'mapepala amene pambuyo pake anasowa. Chitsanzo chabwino ndi cha Mary Beale, mayi amene ankadyetsa banja lake ndi ntchito yopenta nkhope za anthu, yemwe anamwalira mu 1699. Mwamuna wake Charles ankalemba m'timabuku ta chaka ndi chaka za anthu amene abwera kudzajambulitsa, ndalama zimene alipira ndi utoto umene wagulidwa. Timabukuto tinali tambiri, koma tatsala tiwiri tokha, ta 1677 ndi 1681. Zina zimene zikudziwika za zaka zinazo zinapulumuka chifukwa Vertue anabwereka n'kukopera.

Mulinso miseche ya m'tauni, ndipo apa ndi pamene makopewa amakoma. Canaletto, katswiri wojambula mzinda wa Venice, anafika ku London mu 1746. Mu 1749 Vertue analemba kuti kukuyenda mphekesera yoti munthu amene ali mu London si Canaletto weniweni koma wonamizira, popeza zithunzi zake zatsopano sizinkafika pa zija za ku Venice. Chinasokonezanso anthu n'chakuti mphwake, Bernardo Bellotto, nayenso ankagwiritsa ntchito dzina lomwelo. Chaka chomwecho Canaletto anaika chilengezo m'nyuzipepala choitana anthu kuti akaone okha ntchito yake kumene ankakhala. Wonamizira sanali, anali iye yemwe.

Nanga bungwe la Society of Antiquaries likubwera bwanji m'nkhaniyi?

Ili ndi bungwe la anthu ofufuza zakale, limene linayamba ngati kagulu kokumana m'nyumba yomwera mowa mu London mu 1707, n'kudzakhazikika bwino cha mu 1717. Vertue anasankhidwa kukhala wozokota wa bungweli kuyambira pachiyambi pomwe, ndipo anali membala, osati waganyu chabe. Mamembala akaona chinthu chakale chimene chili pangozi yowonongeka, kaya ndi chipata, mtanda wamwala, chidindo, ndalama yachitsulo kapena bwinja la nyumba ya amonke, ankalipira kuti chizokotedwe ndipo aliyense alandire pepala lake. Mapepalawo ndi amene anasonkhanitsidwa pansi pa dzina la Vetusta Monumenta, ndipo ochuluka a iwo kufikira 1756 ndi ntchito ya manja a Vertue.

Nkhawa yawo sinali yachabe. Zipata ziwiri za ku Whitehall mu London zimene iye anazokota, King Street Gate ndi Holbein Gate, zinagwetsedwa kuti msewu ukule, china mu 1723, chinacho mu 1759.

Maulendo ake ankalipira ndani?

Mabwana okonda zakale. Wamkulu mwa iwo anali Edward Harley, Earl of Oxford wachiwiri, munthu amene anamwaza chuma chambiri pogula mabuku, zolembedwa pamanja ndi zithunzi. Harley ankamutenga Vertue pa maulendo ozungulira England, kuyendera nyumba za anthu olemekezeka, matchalitchi ndi mabwinja. Wina amene ankayenda naye anali Lord Coleraine. Kwa mwana wa anthu wamba, iyi ndiyo inali kiyi yotsegulira zipinda zimene munali zithunzi zosaonedwa ndi anthu ambiri. Bwana akamacheza ndi mwini nyumba, Vertue ankakhala akuyang'ana makoma, akulemba.

Imfa ya Harley mu 1741 inamupweteka kwambiri, mumtima ndi m'thumba momwe. Mwana wamkazi wa malemuyo, Duchess of Portland, anapitiriza kumuthandiza. Kenaka Frederick, Prince of Wales, mwana wa mfumu amene ankayembekezera kulowa ufumu, anachita naye chidwi n'kumupatsa ntchito yolemba mndandanda wa zithunzi za banja lachifumu. Vertue anayamba kuyembekezera zazikulu, koma Frederick anamwalira mwadzidzidzi mu 1751 asanalowe ufumu. Kawiri konse mtengo umene anatsamira unagwa.

Chifukwa chiyani dzina lake limamveka pa nkhani za Shakespeare?

Pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chithunzi chotchedwa Chandos portrait, chimene ambiri amakhulupirira kuti ndi nkhope ya William Shakespeare yojambulidwa iye ali moyo. Ndicho chinali chithunzi choyamba kulowa mu National Portrait Gallery, nyumba yosungira zithunzi za nkhope za anthu otchuka ku London, pamene inakhazikitsidwa mu 1856. Nkhani yakuti anachipenta ndi munthu wotchedwa John Taylor, ndiponso kuti chinadutsa m'manja mwa William Davenant ndi Thomas Betterton, akatswiri a zisudzo, imachokera m'kope la Vertue. Aliyense wotsutsa kapena wovomereza za chithunzichi amayambira pa mizere yochepa imeneyo.

Chachiwiri ndi nyumba. Mu 1737 Vertue anapita ku Stratford-upon-Avon, kwawo kwa Shakespeare, pamodzi ndi Harley. Anajambula chikumbutso cha Shakespeare cha m'tchalitchi, komanso kachithunzi ka kumaso kwa New Place, nyumba imene Shakespeare anagula mu 1597. Pofika nthawiyo nyumba yakaleyo inali itagwetsedwa kale cha mu 1702 n'kumangidwa ina, ndipo Vertue mwini analemba kuti kachithunziko anakajambula mongokumbukira. Akatswiri amakanganabe ngati wokumbukirayo anali iye mwini kapena munthu wa m'tauniyo amene anamufotokozera. Kaya anali yani, kachithunziko ndi kokhako kamene kamaonetsa mmene nyumba ya Shakespeare inkaonekera.

Ndiye kuti zonse zimene analemba n'zoona?

Ayi. Munthu wodalira zomva amatola tirigu ndi nansongole. Pali chithunzi chotchuka cha Mfumukazi Elizabeth I atamuzungulira akuluakulu a kunyumba yachifumu pa mdipiti. Vertue anachizokota n'kunena kuti chikuonetsa ulendo wa mfumukaziyo wopita kwa Lord Hunsdon. Ofufuza a pambuyo pake anakana zimenezo, ndipo lero ambiri amati anachipenta ndi Robert Peake, osati amene Vertue ankamuganizira. Pozokota chikumbutso cha ku Stratford cha m'mabuku a Shakespeare amene mlakatuli Alexander Pope anakonza mu 1725, anaikapo mutu wotengedwa ku Chandos portrait m'malo mwa umene uli pa chibolibolicho. Kwa munthu wodziwika ndi kusamala, pamenepa anatayirira.

Chimene chimamupulumutsa ndi khalidwe lake lolemba gwero. Kawirikawiri amakuuzani kuti izi ndaziona ndekha, izi wandiuza ndi uje, izi ndakopera m'buku lakuti. Akamva zosiyana pambuyo pake, amabwerera kukakonza. Motero ngakhale pamene walakwa, wofufuza wa lero amatha kulondola mapazi mpaka pamene njira inasokonekera. Olemba ambiri odziwa kukometsa mawu kuposa iye sakupatsani mwayi umenewo.

Ankagwirizana ndi William Hogarth?

Ankadziwana bwino, ndipo onse anali a kagulu ka amisiri kotchedwa Rose and Crown Club. Makhalidwe awo anali ngati usana ndi usiku. Hogarth, wopenta ndi wozokota wotchuka wa ku London, wocheperapo ndi zaka 13, anali wamkamwa, wodzidalira, wopeka nkhani zakezake n'kuzijambula. Vertue anali wofatsa, wokopera mokhulupirika zimene ena anapenta. Komabe nkhani zambiri za mmene Hogarth anatchukira timazidziwa kudzera mwa Vertue, kuphatikizapo za kumangidwa kwake ku Calais mu 1748, pamene anamuganizira kuti ndi kazitape atamupeza akujambula chipata cha mzindawo.

Anagwirizananso pa nkhani ya mkate wawo. Ogulitsa zithunzi ankatenga pepala la mmisiri likangotuluka, n'kulemba waganyu kuti alikopere msangamsanga, n'kumagulitsa motchipa. Hogarth anatsogolera amisiri angapo, Vertue ali m'gulumo, kukadandaula ku nyumba ya malamulo. Zotsatira zake zinali lamulo la 1735 limene linapatsa mmisiri umwini wa chithunzi chimene wapeka kwa zaka 14.

Anasindikizapo buku iye mwini?

Ang'onoang'ono. Mu 1745 anatulutsa mndandanda wa ntchito za Hollar, mmisiri uja amene zithunzi zake zimationetsa London moto wa 1666 usanaupsereze. Mu 1753 anatulutsa buku la ndalama zachitsulo, mamendulo ndi zidindo zimene mmisiri Thomas Simon anazokota. Anakonzanso mndandanda wa zithunzi za Mfumu Charles I, zimene zinagulitsidwa ndi kumwazikana mfumuyo itadulidwa mutu mu 1649, koma umenewu unasindikizidwa mu 1757 iye atamwalira kale. Buku lalikulu lija linathera m'makope.

Ndiye Horace Walpole anamubera ntchito?

Funsoli limabwera kawirikawiri, ndipo yankho lachilungamo ndi lakuti sanabe. Walpole, mwana wa nduna yaikulu Robert Walpole, anagula makopewo kwa mkazi wamasiye wa Vertue mu 1758 pa mtengo wa mapaundi 100. Anawasanja, anachotsa zobwerezabwereza, anawonjezera zake, n'kulemba zonse m'Chingerezi chokoma. Buku la Anecdotes of Painting in England linayamba kutuluka mu 1762 pa makina ake osindikizira kunyumba kwake ku Strawberry Hill. Gawo lachinayi linasindikizidwa mu 1771 koma linafika kwa anthu mu 1780. Tsamba loyamba limanena poyera kuti nkhanizo anasonkhanitsa ndi malemu George Vertue, ndipo Walpole analembanso mbiri ya moyo wake.

Komabe pali kanthu kowawa. Wolima anali wina, wodyerera kutchuka n'kukhala wina. Anthu anazolowera kunena kuti "buku la Walpole", ndipo Walpole mwini, ngakhale ankayamikira khama ndi kuona mtima kwa Vertue, ankamulankhula monga mmene bwana amalankhulira za wantchito wokhulupirika. Posefa, anatayanso zambiri zimene iye anaziona ngati zopanda pake: mitengo, mayina a amisiri ang'onoang'ono, timikangano ta m'mashopu. Zimenezo ndi zimene ofufuza a masiku ano amazifuna kwambiri. Kumbali inayi, tinene zoona: Vertue anakhala ndi nkhanizi zaka zoposa 40 osatha kuzisandutsa buku, ndipo chipanda Walpole mwina makopewo akanamwazika pa okushoni monga katundu wake wina.

Monga mmisiri, anali katswiri?

Anali waluso, wosamala, koma si wa m'gulu la akatswiri oposa onse. Zithunzi zake zambiri n'zouma pang'ono, nkhope zili nganganga. Pa nthawi yake yomwe, osindikiza mabuku a nkhope za anthu otchuka a ku Britain anapereka ntchito yambiri kwa Jacobus Houbraken wa ku Amsterdam, amene dzanja lake linali lofewa ndi lokopa maso. Kusiyana kwake n'kwakuti Houbraken ankazokota zimene amutumizira ali kwawo, pamene Vertue ankafuna kuona chithunzi chenicheni ndi kufufuza ngati nkhopeyo ilidi ya munthu amene akumutchulayo. Wofuna chokongoletsa khoma asankha Houbraken. Wofuna umboni apita kwa Vertue.

Nanga za banja lake?

Anakwatira Margaret Evans mu 1720, ndipo ankakhala mumsewu wa Brownlow Street, pafupi ndi Drury Lane. Ana awo anamwalira ali aang'ono. Margaret anakhala zaka 20 mwamuna wake atapita, n'kumwalira mu 1776. Ndi iye amene anapereka ku Society of Antiquaries chithunzi cha Vertue chimene Thomas Gibson anapenta.

Ndingaione kuti nkhope yake, ndipo makopewo ali kuti lero?

National Portrait Gallery ku London ili ndi chithunzi chake chopentedwa ndi Jonathan Richardson. Komweko kulinso chithunzi cha gulu chimene Gawen Hamilton anapenta mu 1735, choonetsa amisiri atasonkhana pa King's Arms mumsewu wa New Bond Street. Vertue alimo pamodzi ndi James Gibbs womanga nyumba, Michael Rysbrack wosema ziboliboli, William Kent ndi ena, anthu omwewo amene nkhani zawo ankapita kukalemba kunyumba.

Makopewo anachoka ku Strawberry Hill pamene katundu wa m'nyumbayo anagulitsidwa mu 1842. Atadutsa m'manja ena anafika ku British Museum, ndipo ochuluka a iwo tsopano ali ku British Library. Bungwe la Walpole Society, limene linakhazikitsidwa mu 1911 kuti lilimbikitse kufufuza mbiri ya zojambula za ku Britain, linawasindikiza pakati pa 1930 ndi 1955 m'magawo 6 ndi buku lina la mlozera. Ulendo uno anawasiya momwe Vertue anawalembera, ndi masipelo ake okhota omwe.